Pamene Mankhwala Alikucepa: Zimene Tinaphunzira pa Matenda a Amai Athu

Abale athu a m'midzi, munthu akadwala kwakukuru mudzi wonse udziwa cocita. Wina abwera ndi phala, wina ndi mtolo wa nkhuni, wina akhala pa mphasa kufikira usiku. Koma iripo nyengo yina ya matenda imene anthu ambiri saiyesa yoopsa, ndiyo nyengo imene wodwala wayamba kupeza bwino, ndipo a cipatala alikucepetsa mankhwala ace pang'ono pang'ono. Pamenepo ozonda odwala aleka kubwera, a pa banja abwerera ku munda, ndipo wodwala mwini wace acita manyazi kuchula kanthu kakang'ono kamene alikumva m'thupi. Ife, ana a mimba imodzi, tinapyola m'nyengo yotere pamodzi ndi amai athu, ndipo tafuna kukulemberani zimene tinaona, kuti kapena zikathandize nyumba yina.

Matenda a amai athu anali khate. Dzinalo tilichula poyera, pakuti kulibisa ndiko kwapundula anthu ambiri. Akuru athu akumbukira masiku amene odwala khate analikukhala pa malo ao okha, monga ku Mua, kumene cipatala cao cinatsegulidwa m'caka ca 1927, ndipo ambiri anakhala komweko zaka ndi zaka, kutali ndi abale ao. Lero siziri tero. Kacirombo ka khate kanaoneka koyamba ndi sing'anga wa ku Norway, dzina lace Armauer Hansen, m'caka ca 1873. Ndipo m'caka ca 1981 bungwe la WHO linalangiza kuti odwala azimwa mankhwala ophatikiza, ndiwo rifampicin, dapsone ndi clofazimine, amene apha kacirombo, ndipo masiku ano amwedwa miyezi 6 kapena 12. Mankhwalawo ali aulere, ndipo munthu amwera kwao, nadya mbale imodzi ndi ana ace. M'caka ca 1994 dziko la Malawi linacepetsa khate kufikira odwala anali osakwana munthu 1 mwa anthu 10,000. Koma kucepa si kutha ai, ndipo caka ndi caka ena alikupezekabe nalo.

Amai anayamba ndi maanga otuwa pa msana ndi pa mkono, osayabwa, osapweteka, ndipo powakhudza sanali kumva kanthu. Ku cipatala anawapatsa mankhwala a miyezi 12, nawamwa mokhulupirika. Tsono mwezi wacinai, mvula yodzalira itangogwa, maanga aja anasanduka ofiira, natupa, natentha. Dzanja lamanja linatupanso, ndipo pa cigongono panali kuwawa koti sanagone nako tulo. Anansi ena anati mankhwala awakana, ena anati pali munthu. Koma sing'anga wa ku cipatala anatikhazika pansi natiuza kuti kutupa kotere amakucha reaction, ndipo sikusonyeza kuti mankhwala alephera. Anati tizirombo tirikufa ndithu, koma mitembo yace itsala m'khungu ndi m'mitsempha imene ipatsa munthu kumva ndi mphamvu. Tsono thupi, pofuna kucotsa zotsalazo, liukira malo amenewo mwaukali, ndipo mtsempha utupa. Popeza mtsempha wa pa cigongono upita m'njira yopapatiza pakati pa mafupa, ukatupa upanikizika, ndipo ukapanikizika nthawi yaitali ufa. Anthu ambiri amene tiwaona ndi zala zopindika anapunduka ndi kutupa kumeneku, kosathandizidwa m'nthawi yace.

Pofuna kuzima kutupako anawapatsa mankhwala ena, timapiritsi toyera tating'ono tochedwa prednisolone, kali konse ka mamiligalamu 5. Anawalembera m'buku lao la ku cipatala kuti amwe mapiritsi 8 m'mawa uli wonse atadya phala, kwa masabata 2. Atatero amwe 6 masabata 2 ena. Kenaka 4, kenaka 3, kenaka 2, napotsiriza 1. Onse pamodzi masabata 12. Anawapatsanso mankhwala a njoka za m'mimba, nawafunsa ngati alikutsokomola, nawayesa shuga, cifukwa prednisolone afooketsa citetezo ca thupi, ndipo njoka, cifuwa cacikuru ndi matenda a shuga zipeza mpata. Mankhwala aja a khate anati asaleke ngakhale tsiku limodzi. Tikupemphani mumvetse kuti uwu unali mlingo wa amai athu okha. Wina apatsidwa wosiyana, monga mwa thupi lace ndi matenda ace.

Mphamvu ya mankhwalawa iri yodabwitsa. Asanathe masiku 4 amai anagona tulo, kutupa kunaphwa, ndipo pakutha sabata anali kupempha khasu. Anthu a ku America anadabwa cimodzimodzi m'caka ca 1948, pamene sing'anga Philip Hench wa ku Mayo Clinic anapatsa mai wina wodwala nyamakazi mankhwala a mtundu womwewu ochedwa cortisone, ndipo mai uja, amene sanali kutha kudzuka bwino pa kama, anayenda patapita masiku owerengeka. Cifukwa ca nchito imeneyo Hench analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1950 pamodzi ndi Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein. Koma asing'anga omwewo anaona msanga kuti poleka mankhwala matenda abweranso, ndi kuti pomwa nthawi yaitali thupi lionongeka. Bvuto limenelo liripobe kufikira lero.

Tinafunsa cifukwa cace amai sangaleke pomwepo, popeza acira. Sing'anga anatipatsa zifukwa ziwiri. Coyamba, mankhwalawa aphimba moto koma sacotsa nkhuni. Zotsala za tizirombo zitha pang'ono pang'ono pa miyezi yambiri, ndipo mukabvundukula msanga moto uyakanso. Caciwiri ndi ici: pamwamba pa impso ziwiri za munthu pali tiziwalo tiwiri tating'ono timene tipanga m'thupi mankhwala ofanana ndi prednisolone, ochedwa cortisol, amene agwiriziza magazi kuti ayende ndi mphamvu, nathandiza munthu kupirira matenda ndi njala. Munthu akamwa prednisolone kupitirira masabata 3, tiziwalo tija tiona kuti nchito yao alikuigwira wina, tsono tigona. Akaleka mwadzidzidzi, thupi litsala lopanda mankhwala a kunja ndi a m'kati omwe, ndipo munthu angathe kufa. Kutsika pang'ono pang'ono kuli kudzutsa tiziwalo tija kuti tiyambenso nchito. Tinafunsanso cifukwa cace sangamwe mapiritsi 8 caka conse, popeza alikuwathandiza cotere. Anati pakutero nkhope itupa, shuga akwera, magazi athamanga, mafupa afooka, maso acita ng'ala, ndipo zironda sizipola. Motero kukhala pamwamba kuli koopsa, kudumpha pansi kuli koopsanso. Njira iri imodzi yokha, ndiyo kutsika mwa makwerero.

Pamenepo anatiuza mau amene tawasunga. Anati iye aona amai kamodzi pa masabata 2, koma ife tiwaona tsiku ndi tsiku. Ndipo kutupa kukafuna kubwerera, kawirikawiri kubwerera pamene mapiritsi acepa, kapena atangotha. Anatiphunzitsa kuyesa zinthu 4, zosafuna ndalama kapena cipangizo. Maso: amai atsinzine monga ogona, ife tipenye ngati zikope zikumana, osatsala mpata. Manja: agwire kapepala pakati pa cala cacing'ono ca kumapeto ndi cinzace, ife tikoke, ndiponso aimike cala cacikuru, ife ticikankhe. Mapazi: akhale pa mpando nadzutse phazi kumwamba, ife tilikanikize pansi. Kumva: atatsinzina, tiwakhudze pang'ono ndi nsonga ya colembera m'zikhatho ndi pansi pa mapazi, iwo aloze pamene takhudza. Anatisonyezanso malo amene mitsempha ipweteka ikatupa, ndiwo kuseri kwa cigongono, kunja kwa bondo ca m'munsi mwace, ndi kuseri kwa kakolo ca m'kati. Koma anaticenjeza kuti nthawi zina mtsempha uonongeka mwakacetecete, wopanda kuwawa konse, ndipo cifukwa ca ici tisadikire kuti amai abuule.

Tinagawana nchito. Mlongo wathu wamng'ono, amene ali pa sukulu, anatenga kalendala nalemba pa tsiku liri lonse ciwerengero ca mapiritsi, ndipo amai akamwa iye analikudula mzere. Mkuru wathu analikuyesa maso, manja ndi mapazi tsiku la Mulungu liri lonse madzulo. Amai poyamba anaseka, nati, "Kodi ndasanduka mwana wa ku sikelo?" Koma analola.

Pa mapiritsi 8, pa 6 ndi pa 4 zonse zinayenda bwino. Tinaona cinthu cimodzi cokha: atangotsika mlingo, amai anali kumva kuphwanya m'thupi ndi ulesi kwa masiku 2 kapena 3, kenaka nkutha kokha. Sing'anga anati ici cicitika ndi anthu ambiri, pakuti thupi lirikuzolowera mlingo watsopano. Cizindikiro cace ndi cakuti kuphwanyako kuli m'thupi lonse, sikukula, ndipo kucepa tsiku ndi tsiku. Kubwerera kwa matenda kuli kosiyana: kubwera pa malo omwe aja panali kutupa poyamba, kapena pa mtsempha wina wodziwika, ndipo kukula tsiku ndi tsiku.

Tsono inafika sabata yacisanu ndi ciwiri, pa mapiritsi 3, m'kati mwa nyengo ya kupalira. Tsiku lina madzulo, amai alikubvundula nsima, mthiko unawapulumuka m'dzanja kawiri. Iwo anati mthiko uli woterera. M'mawa mwace mlongo wathu anaona kuti alikumanga mpango ndi dzanja lamanzere. Sitinadikire tsiku la Mulungu. Tinatenga kapepala pomwepo. Sabata yathayo amai analikukagwira kolimba, koma tsikulo kanasololoka kopanda bvuto. Powakhudza ndi colembera ca kumbali ya cala cacing'ono, sanamve. Banga limodzi la pa mkono linali litayamba kufiira m'mphepete mwace.

Tsiku lolembedwa lopita ku cipatala linali litatsala masiku 9. Ulendo uli wautali, wa njinga ndi galimoto, ndipo ndalama imene tinali nayo inali ya feteleza wobereketsa. Amai anakana ndithu, nati, "Ana anga, sindirikumva kuwawa. Udzu watsala pang'ono kutilanda munda, ndipo inu mufuna kutaya ndalama cifukwa ca cala cimodzi? Tidikire tsiku lace." Mkuru wathu anagwada nati, "Amai, munda tidzapalira ife, ndipo feteleza akacepa tidzakolola zocepa caka cino cokha. Koma dzanja ili likafa, silidzamera caka ca mawa." Amai anakhala cete nthawi yaitali, napotsiriza anati tikonze njinga.

Sing'anga atayesa dzanja anati tabwera bwino. Anabwezera amai pa mapiritsi 6, nakonzanso makwerero ena ocedwa, a masabata 20. Anawamangira mkono m'nsalu kuti upume, nawaletsa khasu ndi munsi kufikira mtsempha utaphwa. Anatiuza kuti mtsempha umene wafooka posacedwa, isanathe miyezi 6, kawirikawiri ubwerera ukalandira mankhwala, ndipo ukafulumira kulandira ndi pamene ubwerera bwino koposa. Koma umene wakhala wakufa kupitirira pamenepo, mankhwala sautha kuudzutsa. Anatiuzanso kuti kubwerera kwa kutupa sikuli kulakwa kwa wodwala kapena kwa cipatala. Matupi ali osiyana, ndipo cifukwa ca ici zipatala zambiri masiku ano zipatsa masabata 20 kuyambira paciyambi. Mphamvu ya cala inabwerera pang'ono pang'ono; pofika nyengo ya zitheba amai anali kugwiranso kapepala, ndipo mapiritsi anatha cimanga ciri kale m'nkhokwe. Kunsonga kwa cala cija kwatsala dzanzi pang'ono, motero aphula mphika ndi nsalu, ndipo madzulo ali onse apenya dzanja lao ngati lapsa kapena lalasidwa osadziwa. Koma alima, asinja, naluka mphasa monga kale.

Pokhala pa mzere ku cipatala miyezi yonseyo tinamva ndi kuona zambiri, ndipo tifuna kuti mudziwe zizindikiro zina zimene amai athu sanakhale nazo. Ulipo mtundu waciwiri wa kutupa kwa khate, umene ugwira makamaka anthu amene anali ndi tizirombo tambiri. Uwu ubwera ndi tizotupa tofiira towawa pansi pa khungu, pa nkhope, pa mikono ndi pa ncafu. Thupi litentha, mfundo za mafupa ziwawa, diso lingathe kufiira ndi kuopa kuwala, ndipo amuna ena atupa kumaliseco. Mtundu umenewu ukonda kubwerera kawiri kawiri pamene mapiritsi alikucepa. Diso lofiira lopweteka lisagonetsedwe pa nyumba ngakhale usiku umodzi, pakuti lingathe kucita khungu.

Tsono kutentha thupi kuli ndi cinyengo cace. Munthu wakumwa prednisolone akatentha thupi, kungakhale kutupa kwabwerera, kungakhale malungo, kungakhale cibayo kapena cironda cobisika pansi pa phazi lopanda kumva. Pa nyumba palibe angathe kusiyanitsa zimenezi ndi maso okha. Ndiponso mankhwalawa abisa zizindikiro, kotero kuti munthu angakhale ndi matenda akuru koma thupi litentha pang'ono pokha. Cifukwa ca ici apite akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo auze woyeza kuti alikumwa prednisolone. Cifuwa cosatha masabata 2, kuonda, thukuta la usiku, ludzu losatha ndi kukodza pafupi pafupi, kuwawa kwa pa mtima pa mimba ndi cimbudzi cakuda, zonsezi zinenedwe msanga.

Coopsa koposa zonse ndi ici: wodwala akafooka kwakukuru, nasanza, namva cizungulire poimirira, kapena kuyamba kusokonezeka mutu, makamaka ngati mapiritsi anamthera kapena wawasanza, kungakhale kuti tiziwalo tija ta pa impso sitinadzuke. Ameneyo anyamulidwe nthawi yomweyo, usana kapena usiku, pamodzi ndi buku lace. Ngoziyi ingabwere ngakhale miyezi ingapo mankhwala atatha, munthu akadwala matenda ena akuru kapena akabvulala. Motero a cipatala ciri conse auzidwe kuti anamwapo mankhwalawa. Ndipo popeza m'nyengo ya mvula mitsinje idzala ndi milatho iduka, pitani kukatenga mapiritsi akali otsala a masiku angapo.

Mayesero ali awiri, ndipo tinawaona onse mwa anzathu a pa mzere. Ena, poona nkhope yao irikutupa ndi anthu alikuwanena, anataya mapiritsi. Dziwani kuti kutupa kwa nkhope kutha kokha mlingo ukacepa. Amai athu anatupa masaya, ndipo lero ali monga kale. Ena, poona kuwawa kwabwerera, anadzionjezera okha mapiritsi, kapena kukagula ena kwa ogulitsa a pa msika. Awa apeza mpumulo wa masiku ocepa, koma mapiritsi ao atha lisanafike tsiku, ndipo sing'anga powayesa sadziwanso coona, pakuti moto waphimbika. Safunsa anadya phula. Kukwera kapena kutsika pa makwerero amenewa alamule ndi amene anawalemba. Nchito ya ife a pa nyumba ndiyo kupenya, kukumbukira tsiku limene cizindikiro cinayamba ndi ciwerengero ca mapiritsi tsikulo, ndi kukanena msanga.

Talemba za khate cifukwa ndilo tilidziwa, koma prednisolone apatsidwanso pa matenda ena a kutupa. Wodwala nyamakazi azindikira kubwerera kwace pamene mfundo za zala zitupanso ndi kuuma m'mawa nthawi yaitali. Wa mphumu ayambanso kubanika ndi kutsokomola usiku. Mwana wa matenda a impso adzuka ndi zikope zotupa, ndipo mkodzo wace ucita thobvu. Pa onsewa lamulo liri limodzi: matenda kawirikawiri abwerera ndi nkhope yomwe anabwera nayo poyamba. Cifukwa cace funsani sing'anga pa tsiku loyamba lomwe kuti, "Kodi akabwerera tidzawaona ndi ciani, ndipo tidzapite kuti?"

Otsiriza mau athu apite kwa inu amene muli ndi mbale wodwala khate. Ngakhale atamaliza miyezi yace 12 ndi kulembedwa kuti wacira, kutupa kungathe kubwera caka cotsatira kapena kupitirira apo. Sikutanthauza kuti khate labwerera, ndipo sangapatsire munthu. Musamcotse pa mphasa yanu. Akuru anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Wodwala amene aopa kunyozedwa abisa dzanja lace m'nsalu, koma amene akhala pakati pa abale ace aoneka msanga pamene mthiko wampulumuka. Tsalani bwino nonse, ndipo mutipatsire moni kwa odwala a m'nyumba zanu.